Amayi sagona, ndipo kuchipatala sanamvane nawo: kodi uphungu ndi wa anthu ngati ife?

Kalata iyi yachokera kwa mayi wina wa ku Dómuè m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo walemba motere:

"Amayi anga ondibereka ali ndi zaka zopitirira 60. Chimwalirireni abambo chaka chatha, amayi asintha kwambiri. Usiku sagona, amangokhala tsonga pamphasa mpaka tambala woyamba. Nsima amangolawa, ndipo kumunda anasiya kupita, chonsecho kale ankatisiya tonse m'mbuyo pa mzere. Amadandaula kuti mutu ukutentha ndiponso mtima ukuthamanga. Masiku ano ayambanso kutchula anthu amene anafa pa nkhondo, nthawi imene ankathawira ku Dedza ine ndili kumsana. Tinapita nawo kuchipatala, koma namwino anali wochokera kutali wosadziwa Chichewa, amayi nawo sadziwa Chipwitikizi, choncho anamasulira ndi mwana wanga wa zaka 12. Anapatsidwa paracetamol n'kubwerera. Amalume akuti tipite kwa sing'anga, akumpingo akuti tisale kudya, ndipo anansi ena ayamba kunong'onezana. Mnzanga wa ku Tete akuti amayi akufunika uphungu. Kodi zimenezi si za anthu ophunzira a m'tauni? Kodi amayi akuchita misala?"

Achemwali, pepani kwambiri ndi imfa ya abambo anu, ndipo zikomo chifukwa chofotokoza nkhaniyi mosabisa. Ndiyambe ndi funso lanu lomaliza, chifukwa ndikukhulupirira kuti ndilo likukusowetsani mtendere. Zimene mwalembazi sizikusonyeza misala. Amayi anu akukudziwani, akudziwa kumene ali, akutha kuloza pamene pakupweteka, ndipo anthu amene akuwatchulawo analikodi ndipo anafadi. Chimene ndikuona m'kalata yanu ndi munthu amene chisoni cha maliro chamukhalitsa mpaka chasanduka matenda a maganizo, ndipo chadzutsanso zowawa za nkhondo zimene sizinasamalidwepo. Chigamulo chenicheni chidzaperekedwa ndi wachipatala amene adzawaone maso ndi maso, koma pa zaka zimene ndagwira ntchito imeneyi m'chigawo chathu cha Tete ndakhala pansi ndi amayi ambiri a msinkhu umenewu odandaula zofananazi, ndipo ochuluka mwa iwo anachira n'kubwerera ku ntchito zawo.

Kulira maliro si matenda. Namfedwa amasowa tulo, chakudya sichimukomera, nthawi zina amamva ngati malemu akumuitana, ndipo zonsezi n'zachibadwa. Koma chisoni chachibadwa chimabwera n'kumapita: munthu alira m'mawa, masana aseka ndi mdzukulu, ndipo pakapita miyezi amayambanso kugwira khasu. Timada nkhawa pamene chisonicho chakhazikika usana ndi usiku, munthu n'kusiya kukondwera ndi chilichonse, kuyamba kuwonda, kudziona wopanda ntchito ndi kuleka zimene ankazikonda. Kwa munthu amene sanaferedwe timayamba kuganizira za matendawa zizindikiro zikapitirira masabata awiri. Kwa namfedwa timadikirako, koma chaka chathunthu chosagona ndi chosalima n'chokwanira kuti tichitepo kanthu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni anali ndi matenda amenewa a chisoni chokhazikika, otchedwa depressão m'Chipwitikizi, ndipo akazi amadwala kwambiri kuposa amuna. Kutentha mutu ndi kuthamanga mtima sikuti amayi akunamizira ayi. Munthu akamaganiza kwambiri osagona, minofu ya m'khosi ndi ya m'mutu imakungika ndipo mtima umagunda msanga, ndiye chimene wamkulu wa kwathu kuno amatha kunena poyera popanda manyazi ndi cha thupicho.

Nkhani ya nkhondo ndi yofunika kuimvetsa bwino. Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo pofika nthawi imeneyo anthu a dziko lino oposa 1 miliyoni anali ku Malawi, ambiri a ku Angónia atakhazikika m'malire mwa Dedza ndi Ntcheu. Pobwerera, anthu anapeza nyumba zitagwa ndi minda itasanduka tchire, choncho panalibe mpata wokhala pansi n'kulira. Ambiri anagwirizana mosayankhula kuti zakale zisatchulidwe, popeza wolakwa ndi wolakwiridwa ankatunga pa chitsime chimodzi. Kukhala chete kumeneko kunathandiza kuti midzi imangidwenso, ndipo sindikupeputsa. Koma zimene munthu anaona ndi maso ake sizifufutika chifukwa choti sizikutchulidwa. Zimabweranso pa ukalamba, pa matenda, kapena pa imfa ya munthu wapafupi. Abambo anu ayenera kuti ndiwo anali mboni ya ulendo wa ku Dedza, munthu mmodzi amene amayi sankafunika kumufotokozera kanthu. Anali ngati nkhata pamutu: katundu ndi yemwe uja wa zaka zonsezi, koma tsopano akukhudza fupa. Amayi akamatchula anthu akufawo musawadule mawu kapena kuwauza kuti aiwale, komanso musawakakamize kufotokoza zonse. Mukhoza kungofunsa kuti, "Ameneyo anali ndani kwa inu, amayi?" kenako n'kumvetsera mpaka pamene iwo eni alekezere.

Tsopano za kuchipatala, pamene ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa vuto lalikulu lagona pamenepo. Ogwira ntchito zachipatala m'dziko lathu amatumizidwa kulikonse, kotero kuti wobadwira ku Beira kapena ku Inhambane akhoza kupezeka ku Angónia, kutsogolo kwake kuli mzere wa odwala mpaka panja. Iye anaphunzira m'Chipwitikizi, pomwe chigawo chathu chokha chili ndi Chichewa, Chinyungwe, Chisena ndi zilankhulo zina. Pa malungo vutoli ndi laling'ono, chifukwa kadontho ka magazi kamayankha. Pa matenda a maganizo palibe kuyeza magazi kumene kungasonyeze chisoni. Chida chathu ndi mawu a wodwala basi, ndipo mawuwo akasokonekera panjira, chithandizo chimasokonekeranso.

Ndinaonapo gogo wina akufotokoza vuto lake kudzera mwa mdzukulu wake wamwamuna. Gogoyo anayankhula nthawi yaitali ndithu, dzanja lili pachifuwa, ndipo mwa zina anati mtima wake unapita limodzi ndi mwana wake amene anamwalira, iye akungodikira tsiku. Mnyamatayo anayang'ana pansi, kenako anauza wachipatala mawu atatu okha a Chipwitikizi, otanthauza kuti pachifuwa pakupweteka. Sanali ndi mwano. Anachita mantha ndi zimene anamva, ndipo analibe mawu ozinenera. Mwana wanu wa zaka 12 anaikidwa pamalo omwewo. Kuwonjezera apo, palibe gogo wa kwathu amene angaulule pamaso pa mdzukulu kuti moyo wamutopetsa, kapena kutchula zimene asilikali ankachita kwa akazi panjira yothawa. Choncho namwinoyo anamva za mutu, ndipo anapereka mankhwala a mutu.

Mubwererenso kuchipatala, koma ulendo uno mukonzekere mwanjira ina. Womasulira akhale wamkulu, wosankhidwa ndi amayi eni ake, wodziwa kusunga chinsinsi, ndipo mumuuze kuti anene zonse mmene zanenedwera, osachotsa zimene akuziona zochititsa manyazi. Mukhozanso kufunsa ngati pachipatalapo pali wogwira ntchito wodziwa Chichewa, ndipo kawirikawiri amakhalapo. Munthu amene mukumufuna kuti aone amayi ndi wachipatala wophunzira za matenda a maganizo, wotchedwa técnico de psiquiatria. Mutchule dzina limeneli momwemu. Boma linayamba kuphunzitsa anthu amenewa m'zaka za m'ma 1990 chifukwa madokotala a matenda a maganizo ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo amagwira ntchito m'zipatala zikuluzikulu za m'maboma. Kwa inu poyambira ndi ku Ulónguè, ndipo pakafunika zoposa pamenepo adzakutumizani ku Hospital Provincial de Tete. Pachipatala chaching'ono cha kwanu mupemphe kalata yotumizira wodwala, guia de transferência, kuti musataye ndalama ya chapa (minibasi) pachabe. Mabanja ambiri amaopa kuti wodwala wawo akatsekeredwa kutali, ku Infulene ku Maputo kapena ku Nampula kumene kuli zipatala za matenda a maganizo. Munthu wonga amayi anu amathandizidwa akugona kunyumba kwake.

Mupemphenso kuti thupi liyezedwe bwino: kuthamanga kwa magazi, kuchepa kwa magazi, shuga, kachilombo ka HIV, chifuwa chachikulu, ndiponso khosi ngati lili ndi chotupa. Matenda amenewa amafooketsa munthu ndi kuthamangitsa mtima, ndipo akhoza kukhalapo limodzi ndi a maganizowo. Ngati amayi akuiwala njira ya kwawo kapena mayina a ana awo, munenenso, chifukwa kumeneko ndi kufufuza kwina.

Mwafunsa ngati uphungu si wa ophunzira a m'tauni. Yankho langa ndi lakuti ayi, komabe kukayika kwanu kuli ndi maziko. Kukhala pansi ndi munthu wovutika si chinthu chachilendo kwa ife: tili ndi ankhoswe, anamkungwi, akuluampingo ndi anthu ogona pa siwa. Kusiyana kwake n'kwakuti ambiri mwa amenewa amabwera kudzalangiza, pomwe phungu wophunzira ntchito yake amayamba wamvetsera, saweruza, satulutsa nkhani panja, ndipo amathandiza munthu kupeza yekha chochita. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi a m'madera kucheza ndi anthu oganiza kwambiri, atakhala pabenchi panja pa chipatala, m'Chishona. Zotsatira za kafukufuku wake zimene zinatuluka mu 2016 zinasonyeza kuti anthu amene anacheza ndi agogowo anapeza bwino kwambiri kuposa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse. Chinagwira ntchito pamenepo si sukulu ya wodwala kapena ofesi yokongola, koma kumvedwa m'chilankhulo chake ndi munthu womulemekeza.

Chimene chimalephera ndi uphungu wongotengedwa m'buku osaganizira amene wakhala patsogolo pako. Mnyamata wa zaka 25 akayang'anitsitsa gogo m'maso n'kumufunsa mwachindunji za mumtima mwake asanamulonjere n'komwe, gogoyo adzayankha kuti ali bwino, ndipo sadzabweranso. Phungu wabwino amalonjera mokwanira, amafunsa za kumudzi ndi za mvula, amalola gogo kukhala mmene akumasukira, kenako amafunsa funso limene ndimaliona lofunika kuposa onse: "Inuyo mukuganiza kuti chakuvutani n'chiyani?" Gogo akati ndi mizimu ya abale amene sanaikidwe m'manda mwaulemu, phungu saseka kapena kutsutsa. Amafunsa kuti abalewo anali ndani, ndiponso kuti n'chiyani chingachitike kuti mtima ukhale pansi. Akatero amatenga mavuto limodzi ndi limodzi, kuyambira ndi lopepuka. Sabata yoyamba mwina angogwirizana kuti gogo azikhala pabwalo m'mawa uliwonse akusola chimanga ndi mnzake mmodzi. Sabata inayo aperekeze mdzukulu kuchigayo, kenako abwerere ku gulu la amayi a kumpingo. Zimaoneka zazing'ono, koma matendawa amakula munthu akamadzipatula, ndipo amachepa akayambanso kuchita zinthu zimene zimamukumbutsa kuti ndi wofunika. Musadikire kuti amayi ayambe afuna. Chilakolako chimabwera ntchitoyo itayambika.

Za amalume ndi akumpingo, sindikukulangizani kuti mulimbane nawo. Amalume ndi mwinimbumba, ndipo chithandizo chimene iwo sanachivomereze sichikhalitsa pakhomo. Muwapemphe kuti akuperekezeni ku Ulónguè kuti akamve okha. Pemphero, kuyenderedwa ndi akhristu anzawo, kumanga chiliza cha abambo, ngakhale mwambo wokumbukira aja anafera panjira ya ku Dedza, zonsezi zikhoza kuwapepuza amayi, ngati iwo eni akuzifuna. Ndaonapo mabanja amene mapemphero otchula mayina a akufa awo a pa nkhondo anachita zimene mapiritsi okha sakanachita. Asing'anga ena, makamaka a m'bungwe lawo la AMETRAMO, amadziwa kutumiza wodwala kuchipatala. Koma pali malire amene ndikukupemphani kuti muwasunge molimba. Munthu amene akuwonda kale asasale kudya. Osala asale m'malo mwake. Asamangidwe, asamenyedwe, asatsekeredwe m'nyumba, ndipo asauzidwe kuti akudwala chifukwa chikhulupiriro chake n'chochepa, popeza mawu amenewo amawonjezera kudziimba mlandu kumene kuli kale mbali ya matendawa. Aliyense wonena kuti mankhwala a kuchipatala asiyidwe, kapena woloza munthu kuti ndiye walodza, kapena wofuna mbuzi ndi ng'ombe mobwerezabwereza, mumusiye. Ngati amayi akumwa zitsamba, muuze wachipatala mosabisa, chifukwa zina sizigwirizana ndi mapiritsi.

Manong'onong'o a anansi musawatenge mopepuka. Mayi wokalamba, wamasiye, wokhala maso usiku ndi wotchula akufa, ndiye amene m'midzi yathu amafulumira kunenedwa ufiti, ndipo akanenedwa anthu amamuthawa pa nthawi imene akuwafunitsitsa. Mupite msanga ndi amalume kwa anyakwawa ndi kwa mkulu wampingo, mukanene poyera kuti amayi akudwala chifukwa cha maliro ndipo akulandira chithandizo kuchipatala. Nkhani ikamveka kuchokera kwa eni ake, miseche imasowa pogwira. Pakakhala kuopseza kapena kulanda munda, kupolisi kuli ofesi yothandiza mabanja ndi ana ochitidwa nkhanza, Gabinete de Atendimento. Ngati pakhomo pali usiwa, mufunsenso ku INAS, ofesi ya boma yothandiza ovutika, za thandizo la okalamba, chifukwa nkhawa ya chakudya nayo imasowetsa tulo.

Mwina wachipatala adzaona kuti pakufunikanso mapiritsi. Odziwika m'zipatala zathu ndi fluoxetine, amene amamwedwa m'mawa ndipo poyamba akhoza kuchititsa nseru, ndi amitriptyline, amene amamwedwa usiku, amaumitsa kukamwa ndi kuchititsa chizungulire podzuka. Achiwiriwa amafuna kusamala kwa okalamba ndi kwa odwala mtima, ndipo muziwasunga inuyo n'kumapereka a tsiku limodzi lokha. Mankhwalawa sagwira ntchito tsiku lomwelo. Pamapita masabata awiri, anayi, nthawi zina 6, munthu asanaone kusintha, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amagwa ulesi n'kusiya. Munthu akachira amapitirizabe kumwa kwa miyezi 9 mpaka 12, kenako amasiya pang'onopang'ono motsogozedwa ndi wachipatala. Mapiritsi ogonetsa ogula pamsika, monga diazepam, musawapatse: amazolowereka, ndipo amagwetsa okalamba. Kachasu nayenso sachiza kusowa tulo.

Pali funso limodzi lovuta limene ndikukupemphani kuti mufunse nokha, muli awiri, modekha: "Amayi, kodi nthawi zina mumaganiza zoti bola kufa? Munaganizapo zodzipweteka?" Anthu amaopa kuti kufunsa kumabzala maganizowo, koma sizili choncho, wovutika amapepukidwa akaona kuti pali wina wolimba mtima kumumva. Akavomera, musawadzudzule kapena kuwaopseza ndi tchimo. Musawasiye okha, ndipo mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Ngakhale akane, mankhwala opopera mbatata ndi fodya komanso a makoswe muwachotse m'nyumba, mukawatsekere kwina, chifukwa m'madera a alimi ngati athu imfa zambiri zotere zimachitika ndi zinthu zimene zili pafupi, pa kamphindi kochepa ka kutaya mtima. Muthamangirenso kuchipatala osadikira ngati amayi akana kudya ndi kumwa kotheratu, ayamba kugawa katundu wawo ngati akutsanzika, akumva mawu owalamula, kapena asokonezeka mwadzidzidzi thupi likutentha, chifukwa chomalizachi chikhoza kukhala malungo aakulu kapena matenda ena a m'thupi ofuna chithandizo chamsanga.

Inuyo musasenze zonsezi nokha. Mugawane masiku ndi abale anu, kuti pakhale wogona ndi amayi ndi wina wopuma. Mwana wanu uja mucheze naye, mumufunse zimene anamva tsiku lija kuchipatala, ndipo mumuuze kuti agogo ake akudwala matenda ochizika ndiponso kuti si udindo wake kuwachiritsa.

Powauza amayi za ulendowu, musawanamize kuti mukupita kumsika, komanso musanene kuti mukupita kwa dokotala wa misala. Muwauze kuti kuli munthu amene amathandiza anthu osagona ndi oganiza kwambiri, kuti adzayankhula m'Chichewa, ndiponso kuti inu mudzakhala nawo m'chipindamo kapena kudikira panja, malinga ndi mmene iwo angafunire. Akakana, musawakoke. Mupite nokha mukafotokoze zonse zimene mwandilemberazi, mufunse ngati wazaumoyo wa m'mudzi, uja timati APE, angawayendere kunyumba, ndipo pakapita masiku angapo muwapemphenso amayi, ulendo uno pamodzi ndi amalume kapena mnzawo amene amamukhulupirira.